Buku Lina Ligoneka Mtima, Lina Liudzutsa

Aliyense wokhala m'boma la Lundazi adziwa kutalika kwa usiku wa m'miyezi ya June ndi July. Pa nyengo imeneyi nchito ya m'munda yatha, cimanga ciri m'nkhokwe, thonje liri kupita kumsika, ndipo mphepo yozizira ilowetsa anthu m'nyumba dzuwa likangolowa. Kwa munthu amene ali ndi banja lake, iyi ndiyo nthawi ya kuotha moto ndi kuceza. Koma kwa munthu wotsala yekha, usiku wotere ndi katundu wolemera, pakuti maganizo amene usana amabisala m'nchito, usiku amabwera onse pamodzi ndi kukhala pamphasa osafuna kucoka.

Mabuku awiri amene akambidwa pano anafika m'manja mwa munthu wotere. Iwo ndi mai wina wa pa Boma la Lundazi, mphunzitsi amene anapuma pa nchito atagwira coko zaka zoposa 30 m'masukulu a pulaimale a m'bomali, kuphatikizapo a m'madera amene mu 2018 anapatulidwa kukhala maboma a Lumezi ndi Chasefu. Amuna ao anamwalira mvula iri pafupi kutha. Maliro anayenda bwino monga mwa mwambo. Abale anagona pakhomopo masiku angapo, a mpingo anaimba ndi kupemphera, ndipo pambuyo pake aliyense anabwerera kwao monga kuyenera kutero. Koma tulo nato tinapita nao limodzi. Amaiwa anali kugona cagada kufikira tambala woyamba, akuwerenga mitengo ya denga ndi kukumbukira za kucipatala.

Mwana wao wamkazi, amene agwira nchito ku Lusaka, anamva pa lamya kuti mau a amai ake asintha. Tsono anatumiza phukusi pa basi imene iyenda mseu waukulu wa kum'mawa kufika ku Chipata, ndi kukhotera kumpoto makilomita ngati 180. M'phukusimo munali shuga, sopo, bokosi la mapensulo a mitundu-mitundu, ndi mabuku awiri a Cingerezi. Pamwamba panali kakalata kakuti: "Amai, buku lina ndi la manja anu, lina ndi la mutu wanu. Yambani ndi limene mtima wanu wafuna."

BUKU LOPANDA NKHANI

Buku loyamba dzina lake ndi Secret Garden, ndiko kunena kuti munda wobisika wa maluwa. Analijambula ndi mai wa ku Scotland, Johanna Basford, ndipo linasindikizidwa ku London mu 2013. M'bukumo mulibe nkhani yoti munthu awerenge. Tsamba liri lonse ladzala ndi zithunzi za inki yakuda pa pepala loyera: maluwa, masamba a mitengo, mbalame, agulugufe, njuci ndi tizirombo tina tobisala m'kati mwa ziyangoyango. Nchito ya mwini buku ndiyo kutenga pensulo ndi kupaka mitundu m'timipata tonse timene wojambulayo anasiya toyera. Timipatato ndi tating'ono kwambiri, kotero kuti dzanja la mwana silingathe kutilondola. Bukuli analikonzera akulu.

Ambiri angadabwe kumva kuti buku lotere linagulidwa m'maiko ambiri kufikira mamiliyoni. Mu 2015 mai yemweyo anatulutsa lina lochedwa Enchanted Forest, ndipo ojambula ena anatsata mapazi ake. Ku America kokha, mabuku opakamo mitundu amene anagulidwa mu 2015 anafika ngati 12 miliyoni, pamene caka ca m'mbuyo mwake anali ngati miliyoni imodzi. Kampani ya ku Germany yopanga mapensulo, Faber-Castell, inacita kuonjeza nthawi ya nchito m'fakitale yake kuti ikwanitse kufuna kwa anthu. Phokoso la malondawo linazirala patapita zaka zocepa, koma mabukuwo akali kupezeka m'masitolo a m'mizinda.

Amai a ku Lundazi aja sanadziwe mbiri yonseyi, ndipo atatsegula bukulo anakhumudwa. Anati kwa mnansi wao: "Ine ndaphunzitsa ana a Giredi 1 kugwira krayoni zaka zonsezi. Lero mwana wobala ndekha andibweza ku Giredi 1?" Kukhumudwa kwaoko nkomveka. Kwathu kuno munthu wamkulu aoneka ndi nchito ya phindu. Dzanja lake liyenera kugwira khasu, mthiko, singano kapena Baibulo. Kukhala pansi ndi kupaka duwa la papepala kuoneka ngati cibwana, kapena ngati cizindikiro cakuti mutu wayamba kubwerera ku umwana. Motero bukulo linakhala pa thebulo masabata awiri, lophimbidwa ndi nsalu.

Cimene cinalitsegulanso ndi usiku womwe uja. Tulo titakana kubwera, amaiwa anayatsa nyali ya sola, nasongola pensulo yobiriwira, napaka tsamba limodzi la mtengo pa ngodya ya pepala. Atatha limenelo anaona kuti loyandikana nalo laoneka lamaliseche, nalipakanso. Pamene anadzutsa mutu, nthawi inali itapita kwambiri, khosi linali kuwawa, ndipo maso anali olemera ndi tulo teniteni. Pepala limodzi linawatengera madzulo anai.

Palibe matsenga m'zimenezi. Mtima wa munthu sutha kusenza zinthu ziwiri zolemera pa nthawi imodzi. Dzanja likamalondola mzere wopapatiza, diso liyenera kulitsata, ndipo mutu uyenera kusankha ngati duwa ili likhale lofiira kapena lacikasu. Zosankha zimenezi ndi zazing'ono, sizipweteka munthu akalakwa, ndipo zipatso zake zioneka pomwepo. Munthu wofedwa wakhala miyezi akusankha zinthu zoopsya: za cipatala, za bokosi, za cuma camasiye. Kumpatsa cosankha copanda mlandu ndiko kumtula mtolo kwa kanthawi. Mu 2005 akatswiri awiri a ku America, Nancy Curry ndi Tim Kasser, anayesa nkhaniyi pa ophunzira 84 a pa koleji. Poyamba anawakumbutsa zinthu zocititsa mantha, ndipo pambuyo pake anawapatsa mapensulo kwa mphindi 20. Amene anapaka m'zithunzi zojambulidwa kale nkhawa yao inatsika koposa amene anapatsidwa pepala loyera kuti adzijambulire okha. Cioneka kuti mzere wolembedwa kale ugwira munthu dzanja, monga mwana agwira nkhalamba dzanja pooloka mtsinje.

Komabe bukuli liri ndi zopereweza zake, ndipo wogula ayenera kuzidziwa. Coyamba, munda wa m'bukumo ndi wa ku Ulaya. Amaiwa anafuna-funa duwa la dzungu, tsamba la mutondo kapena ngala ya mapira, koma sanazipeze. Caciwiri, mizere yake ifuna maso abwino ndi kuwala kokwanira, kotero kuti wokalamba wopanda mandala, kapena wodalira koloboi, angabvutike. Cacitatu, mtengo wa buku pamodzi ndi mapensulo abwino suli wa munthu aliyense, ndipo pepala likapakidwa latha, silibwerezedwa monga nthano ibwerezedwa. Cacinai, ndico cacikuru, mpumulo wake ndi wa nthawi yomweyo. M'mawa mpando wa amuna ao unali wopanda munthu monga dzulo. Amene adwala matenda a maganizo asayese kuti pensulo ingalowe m'malo mwa dokotala kapena mwa abale.

Ndiponso, poganizira bwino, nzeru ya bukuli siiri yacilendo kwathu. Amai a kuno kum'mawa akhala akukongoletsa zipupa za nyumba zao ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda nyengo ya cilimwe ikafika. Aluka madoilo, apeta nsalu za pa thebulo, atunga mikanda, ndipo abambo aluka mphasa ndi malicero a mizere yobwereza-bwereza. Makolo anasiya zithunzi pa matanthwe a ku Thandwe ndi ku Kalemba m'cigawo cino, ndiponso ku Chongoni, kufupi ndi Dedza m'Malawi, malo amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa cuma ca dziko lonse mu 2006. Dzanja la munthu wa kuno lidziwa kale mtendere umene ubwera pobwereza mzere. Kusiyana kwake nkwakuti nchito zathu zija zinali kucitika pagulu, anthu akuceza, pamene buku la sitolo munthu alipaka yekha, citseko ciri cotseka.

BUKU LOSAGONEKA MUNTHU

Buku laciwiri linali la mtundu wina. Dzina lake ndi The Screaming of the Innocent, ndiko kunena kuti kukuwa kwa osalakwa. Linatuluka mu 2002, ndipo analilemba ndi Unity Dow wa ku Botswana, amene anabadwira ku Mochudi mu 1959. Mai ameneyu ndi loya, ndipo ndiye mkazi woyamba kukhala woweruza m'Bwalo Lalikuru la Milandu la dziko lake. Cotero polemba za apolisi, za maloya ndi za mafaelo osowa, alemba zinthu zimene adziwa fungo lake.

Nthano yake iri motere. M'mudzi wina wa kumpoto kwa Botswana, mtsikana wa zaka 12 dzina lake Neo asowa. Pambuyo pake zobvala zake zipezeka ziri ndi mwazi, ziperekedwa kwa apolisi, ndipo kumeneko zisowanso. Apolisi auza make wa mwanayo kuti zirombo za m'chire ndizo zinamgwira, natseka mlandu. Patapita zaka zisanu, mtsikana wina wochedwa Amantle, amene watumizidwa kukatumikira dziko pa kacipatala ka m'mudzimo, apeza bokosi posesa m'cipinda cosungiramo katundu. Pa bokosilo palembedwa dzina la Neo, ndipo m'kati muli zobvala zija. Akulu anati mlandu suola. Mudzi wonse udzuka, ukana kubweza bokosilo kwa apolisi, ndipo ufuna yankho.

Amene anazolowera mabuku a milandu a Agatha Christie wa ku England, kapena a James Hadley Chase amene anyamata a sekondale anali kubwerekana m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, adzapeza kuti bukuli liyenda njira ina. M'nthano za Agatha Christie wakupha abisika kufikira tsamba lotsiriza, ndipo wofufuza wanzeru asonkhanitsa anthu onse m'cipinda cimodzi ndi kumloza cala. Wowerenga atseka buku mtima uli m'malo, pakuti zonse zalongosoka. Kunena zoona, nthano yotere ifanana ndi buku lopakamo mitundu lija: mizere inalembedwa kale, ndipo pomariza palibe kampata kotsala koyera. Koma Unity Dow aonetsa akupha pa ciyambi penipeni. Iwo ndi amuna atatu olemekezeka: wamalonda wolemera dzina lake Disanka, mfumu ina yaing'ono, ndi waciwiri kwa mkulu wa sukulu. Aliyense wa iwo afuna kukwera, wina m'cuma, wina m'ufumu, wina pa nchito, ndipo akhulupirira kuti zizimba zocokera m'thupi la mwana zidzawakweza. Tsono funso la bukuli siliri lakuti anapha ndani. Funso ndi lakuti, mwa onse amene adziwa kapena aganizira, ndani adzatsegula pakamwa?

Apa ndi pamene pali mphamvu ya wolembayu. Disanka samjambula ngati cirombo ca nyanga. Amuonetsa monga tate wokonda mwana wake wamkazi, munthu wothandiza m'mudzi, amene anthu amlonjera mwaulemu. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Aonetsanso m'mene mantha ayendera: wapolisi aopa mankhwala ndi akulu ake, wa m'mudzi aopa wolemera, ndipo aliyense ayembekeza kuti mnzake ndiye ayambe kulankhula. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mapeto a bukuli sayenera kuululidwa pano, koma wowerenga acenjezedwe kuti masamba otsiriza ndi owawa kwambiri, ndipo sapereka citonthozo cimene mabuku a milandu amapereka masiku onse.

Zofooka zake ziripo. Cingerezi cake cifuna munthu amene anapitako patali ndi sukulu, ndipo maina a Citswana apunthwitsa lilime poyamba. Mtsikana Amantle nthawi zina acenjera ndi kulimba mtima kopitirira msinkhu wake, kotero kuti akulu a boma agonja pamaso pake msanga kuposa m'mene zikhalira m'moyo. Pakati pa buku pali makambirano a maloya amene atalika. Ndipo siliri buku lopatsa ana. Koma zonsezi ndi zazing'ono poyerekeza ndi coonadi cimene lanyamula.

Pakuti nkhaniyi siinangocokera m'mutu. Mu November 1994 mtsikana wa sukulu wa zaka 14 anaphedwa mwa njira yotere ku Mochudi, kwao kwa wolembayo, ndipo kuciyambi kwa 1995 ana a sukulu ndi anthu ena anacita zipolowe ku Mochudi ndi ku Gaborone poona kuti mlanduwo suli kuyenda. Ndipo wa ku Lundazi, amene malire a Malawi ali pafupi naye pa Lusuntha, sanganene kuti izi ndi za kutali. Kuyambira ca m'ma 2014 anthu acialubino anasautsidwa kwambiri m'Malawi cifukwa ca bodza lomweli lakuti ziwalo za munthu zibweretsa cuma, ndipo zoipa zotere zinamvekanso m'cigawo cino ca Kum'mawa. Mu 2022 Bwalo Lalikuru la ku Malawi linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yokhudza kuphedwa kwa mnyamata wacialubino wa ku Machinga mu 2018. Pakati pa olakwawo panali wansembe, wapolisi ndi wogwira nchito ya cipatala. Cimene Unity Dow analemba zaka 20 m'mbuyo mwake, cakuti coipa cotere cibisala m'malaya a ulemu, bwalo la milandu linacitsimikiza.

Amai aja anawerenga bukuli masiku asanu, ndipo tulo timene buku loyamba linabweza, laciwiri linaticotsanso. Koma kusagona kwa tsopano kunali kwa mtundu wina. Kale anali kuganiza za imfa ya m'nyumba mwao yokha. Tsopano anali kuganiza za make wa Neo, amene anakhala zaka zisanu wopanda manda oti alirepo. Iwo anaika amuna ao m'manda, anadziwa matenda amene anawatenga, ndipo mudzi wonse unalira nao. Anazindikira kuti ngakhale m'cisoni muli olemera ndi osauka.

Cimene cinawalasa koposa ndi waciwiri kwa mkulu wa sukulu uja, munthu wa coko monga iwo. Mphunzitsi aliyense wa kumudzi adziwa buku la maina limene aitana m'mawa uli wonse. Adziwanso m'mene maina a atsikana acepera pofika Giredi 6 ndi 7. Ambiri a iwo sanagwidwe ndi akupha. Anatengedwa ndi ukwati wa ubwana, ndi pathupi, kapena ndi nchito ya ulezi m'tauni. Dzina likhala ndi cizindikiro ca kujomba sabata imodzi, mwezi umodzi, kenaka lidulidwa ndi mzere wofiira, ndipo moyo upitirira. Malamulo alipo. Kuyambira mu 1997 mtsikana amene wabala aloledwa kubwerera ku sukulu, ndipo kumapeto kwa 2023 lamulo la maukwati linakonzedwa kuti ukwati uli wonse wa munthu wosafika zaka 18, ngakhale wa mwambo, ukhale wopanda mphamvu. Ku polisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa. Koma lamulo liribe miyendo. Lifika pakhomo pokha-pokha ngati wina wafunsa kuti, kodi mwana uja ali kuti?

PAMENE MABUKU AWIRI ANAKUMANA

Ku Lundazi, amai a Umanyano a mpingo wa CCAP asonkhana sabata ndi sabata, monga acitira a Cigwirizano ndi a magulu ena m'mipingo yao. Ciyambire maliro amaiwa sanali kupitako. Atamariza buku laciwiri anamva kuti nkhaniyo yawakulira kuisunga okha. Tsiku lina misonkhano itatha anaitana anzao asanu kunyumba, nadula mapepala angapo m'buku la maluwa ndi lumo, nagawira aliyense pepala lake, nathira mapensulo pa licero.

Poyamba kunali kuseka. Wina anati, "Aphunzitsi, kodi mudzaticonga ndi pensulo yofiira?" Wina anapaka mbalame mtundu wa citenje cake. Koma manja atazolowera ndi mitu itawerama, amaiwa anayamba kusimba nthano ya Neo, mosakaniza Citumbuka ndi Cinyanja monga alankhulira anthu a pa Boma. Palibe amene anadzutsa maso pa pepala lake, koma onse anali kumva. Nthano itatha panali cete. Kenaka mai wina wacikulire, akali kupaka, anayamba kunena za mdzukulu wa mlongo wake amene analeka sukulu mwadzidzidzi. Wina anachula za mwana wacialubino wa m'mudzi wa kwao, amene make amperekeza ku sukulu ndi kukamtenga tsiku liri lonse cifukwa ca mantha. Nkhani zimene sizikambidwa anthu akuyang'anana m'maso zinatuluka mosabvuta, cifukwa maso onse anali pa maluwa.

Izinso makolo anazidziwa. Nkhani zolemera za m'mudzi zinali kukambidwa potongola cimanga, posenda nshawa, pa mtondo ndi pa dambo pocapa. Dzanja likatanganidwa, lilime limasuka, ndipo manyazi acepa. Buku la ku Scotland, limene analikonzera munthu mmodzi wotopa ndi nchito ya mu ofesi, linafika ku Lundazi ndi kusanduka licero la nshawa. Buku la ku Botswana linapereka nkhani yoti ikambidwe pa licerolo. Sabata yotsatira amai awiri a m'gululo anapita kukaceza kwa makolo a mtsikana woleka sukulu uja. Zimene anakambirana kumeneko ndi za banjalo, ndipo nkhani zotere sizitha tsiku limodzi. Cacikuru ncakuti funso linafunsidwa.

CIMENE CIKALI KUSOWA

Pali cinthu cimodzi codandaulitsa. Mabuku onse awiri anacokera kunja, ndipo la nthano likanakhala losathandiza kwa amai asanu aja pakanapanda mphunzitsi wolimasulira. Cinyanja siciri cosauka pa nthano za milandu. Buku la John Gwengwe wa ku Malawi, Sikusinja ndi Gwenembe, lisimba za munthu amene anapha mbale wake pa njira cifukwa ca nsanje ya cuma, ndi za mbalame imene inaona zonse nikana kukhala cete. Mbalame imeneyo ndiyo wofufuza milandu woyamba m'nthano zathu, ndipo nchito yake ndi yomweyo ya Amantle. Akulu akumbukiranso m'mene mabanja anali kuzungulira wailesi kumvetsera nthano za Julius Chongo pa Poceza m'Madzulo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndi m'mene kampani ya NECZAM inali kusindikizira mabuku a zinenero za m'Zambia amene anafika m'masukulu a kumidzi. Anthu a kuno akonda nthano, ndipo njala yake siinathe.

Nanga aphunzitsi, apolisi opuma pa nchito, makalaliki a m'makhoti a mafumu ndi anamwino, amene aona milandu ya anthu ndi maso ao, aletsedwa ndi ciani kulemba? Msika wa thonje ndi sikelo yake, ng'ombe zobedwa usiku, mikangano ya minda ndi cuma camasiye, katundu wooloka malire mobisa: zonsezi ndi nthano zodikira mlembi. Cimodzimodzinso anyamata ndi atsikana aluso la kujambula. Pa Boma pomwe pali hotela yomangidwa ngati linga la mafumu a ku Ulaya, imene Bwana DC Errol Button anayamba kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, yoyang'ana pa damu. Kumadzulo kuli nyama za ku Lukusuzi ndi ku Luambe. Kuli mizere ya pa mphasa, ya pa mbiya ndi ya pa zipupa za agogo. Wojambula amene angaike zimenezi pa mapepala ocepa ndi kuwasindikiza pa mtengo wotsika adzapeza ogula m'zipatala, m'mipingo ndi m'nyumba za okalamba, ndipo adzasunga zithunzi zimene simenti ndi malata ziri kuzicotsa m'midzi.

Tsono kwa wofunsa kuti mwa mabuku awiriwa agule liti, yankho lidalira pa bvuto lake. Amene mtima wake uthamanga usiku, amene walera wodwala nthawi yaitali, kapena amene wangocoka pa maliro, asacite manyazi ndi pensulo. Kupumula si cibwana, ndipo ngakhale ng'ombe ya pa goli imasulidwa dzuwa likatentha. Koma amene wapumula asakhalitse m'munda wa maluwa a papepala, pakuti kunja kwa mpanda wake kuli ana a anthu. Atenge buku la Unity Dow, aliwerenge kufikira tsamba lotsiriza ngakhale liwawa, ndipo akamariza aganize za mudzi wake: ndi dzina liti limene laleka kumveka, ndipo ndani anafunsapo? Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambi umenewu ndi wopepuka pakamwa, koma Unity Dow waonetsa mtengo umene mudzi ulipira ukauiwala.